Mbalame za Nyanja Yamchere pa Gombe la Cape

Pa gombe lonse la Africa, ndi malo ochepa kwambiri pamene munthu angakhale pa mwala, osakwera boti, n'kuona mbalame zochokera kumalekezero a dziko zikudutsa pamaso pake. Chigawo cha Cape, kunsonga kwa South Africa, ndi amodzi mwa malo amenewo. Mu Julayi pamadutsa albatross woswedwa pa kachilumba ka kufupi ndi Tasmania kapena ku South Georgia. Mukabwerera pa mwala womwewo mu Januwale mupeza timbalame ta tern toswedwa kumpoto kwa Ulaya tikupuma pa mchenga. Amalawi ambiri amene anapita ku Joni kukafuna ntchito amakhala pafupi zedi ndi gombe limeneli, ena ku Imizamo Yethu ku Hout Bay, ena ku Masiphumelele kufupi ndi Kommetjie, ndipo nyanjayi amaiona tsiku ndi tsiku pa windo la minibasi. Ambiri amangoona madzi basi. Komatu mbalame zouluka pamwamba pa madziwo zimaulula zonse za nsomba zimene zili pansi, kuti zilipo kapena zatha, zili pafupi kapena zasamuka. Wodziwa kuziyang'ana amamva nkhani ya nyanja isanafike pa wailesi.

Gwero la zonsezi ndi mphepo. Kumadzulo kwa gombeli kumayenda madzi ozizira otchedwa Benguela, amene amalowera kumpoto kudutsa Namibia mpaka kukafika kumwera kwa Angola. M'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Malichi, kumaomba chimphepo chochokera kumwera chakummawa, ndipo chimakankhira madzi a pamwamba kutali ndi gombe. Madzi a pansi, ozizira komanso odzaza chonde, amakwera kudzalowa m'malo mwake. Akangolawa dzuwa, tizomera tosaoneka ndi maso timachulukana mpaka nyanja imasintha mtundu. Tizomerato timadyedwa ndi tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi, tizilomboto timadyedwa ndi nsomba zazing'ono zamitundu iwiri, sadini ndi anchovy, ndipo pa nsomba ziwirizi ndi pamene patsamira moyo wa mbalame zambiri za gombeli. Msodzi wa ku Mangochi sangadabwe nazo izi. Mwera ukalimbika m'nyengo yozizira umavundula madzi a kumwera kwa Nyanja ya Malawi mwanjira yomweyo, n'chifukwa chake mbali imeneyo ndiyo yachonde kuposa kwina konse m'nyanjamo.

Mbalame imene mlendo wochokera kwathu amayamba kuizindikira ndi mphipi. Mtundu waukulu wa chifuwa choyera, umene umaswana pa chilumba cha Boadzulu, ndi womwewo mungaupeze padoko la Kalk Bay utatambasula mapiko kuyanika padzuwa. Koma ku Cape kuli mitundu inanso itatu ya mphipi imene siipezeka kwina kulikonse kupatula m'madzi a kumwera kwa Africa. Wochuluka ndi uja amati Cape cormorant, wakuda bii, wokhala ndi kachikopa kachikasu kunsi kwa mlomo. Ameneyu sayenda yekha. M'mawa mumaona mzere wautali wakuda ukuyenda mokhudza madzi, ukupindika ndi kuwongoka motsatira mafunde, mbalame mazanamazana, nthawi zina zikwi, zonse zikulowera kumene kwaoneka nsomba. Ina iwiriyo ndi yosowerapo: bank cormorant, wonenepa, wosaka m'zomera zazitali za m'nyanja zija amati kelp, ndi crowned cormorant, wamng'ono, wa tsumba pamphumi.

Ma gull sindichedwa nawo, chifukwa amadzionetsa okha. Wamkulu wa msana wakuda ndi kelp gull, wamng'ono wotuwa amene amakulondani mukamadya tchipisi padoko ndi Hartlaub's gull. Ofunika kuwapatsa nthawi ndi ma tern, timbalame towonda ta mapiko osongoka ndi mchira wa mphanda. Ena amaswana komweko, koma m'chilimwe cha kumwera gombe limadzaza ndi alendo ochokera ku Ulaya, ndipo m'nyengo yozizira pa miyala ya ku Kommetjie pamagona ma Antarctic tern ochokera ku zilumba za kumwera. Pakati pa odutsa pali Arctic tern, kambalame kolemera magalamu 100 okha. Ofufuza amene anamangirira timakina pa miyendo ya ma tern a ku Greenland anapeza kuti pa chaka kamauluka makilomita pafupifupi 70,000, kuchoka kumpoto kwa dziko kupita kumwera n'kubwereranso. Munthu ukadziwa zimenezi, sungalolenso galu wako kuthamangitsa gulu la timbalame topuma pa mchenga.

Imene imakopa munthu ngakhale amene alibe nazo chidwi mbalame ndi Cape gannet. Ndi yaikulu, yoyera mbee, mapiko ali ndi m'mphepete mwakuda, mchira wakuda, mutu wachikasu chagolide, ndipo kuchokera kukamwa kutsika pakhosi pali mzere wakuda wowongoka. Ikaona nsomba ili mamita 20 kapena 30 m'mwamba, imaima kaye pang'ono m'malere, kenako imazondotsa mutu. Imayamba kugwa mapiko atatseguka theka, ikuwongolera nawo. Patatsala pang'ono kuti igunde madzi imawabweza kumbuyo mpaka thupi lonse lisongoke, n'kulowa, chubwi! Liwiro lake pogunda madzi limayandikira makilomita 100 pa ola, koma siivulala, chifukwa pansi pa khungu la kumaso ndi pachifuwa ili ndi timatumba ta mpweya, ndipo ilibe mabowo a mphuno kunja oti madzi angalowemo. Imodzi ikagwa, zina zimaona zili kutali n'kubwera. M'mphindi zochepa pamalopo pamakhala chipwirikiti, mbalame zikugwa motsatizana, madzi akuthovoka paliponse, ma dolphin akukusa nsomba kuchokera pansi. Ngakhale muli pamtunda wa makilomita awiri, mumadziwa kuti apo pali sadini.

Padziko lonse mbalame imeneyi imaswana pa zilumba 6 zokha, zitatu ku Namibia, zitatu ku South Africa. Chimodzi mwa izo, Bird Island ya ku Lambert's Bay, makilomita pafupifupi 280 kumpoto kwa Cape Town, chinalumikizidwa kumtunda ndi khoma la doko, moti mumapitako wapansi. Anamangako kanyumba koonera, ndipo mukasuzumira pa galasi mumaona zikwi za ma gannet zitathithikana, chisa chilichonse chili pamtunda woti mlomo wa mnzake usafike. Chisacho ndi kamulu ka zitosi zake zomwe. Imaikira dzira limodzi, ndipo imalifungatira ndi zikhatho za mapazi. Mwamuna akabwera kuchokera kunyanja, awiriwo amatambasula makosi m'mwamba n'kumagundanitsa milomo, kupatsana moni. Phokoso ndi fungo la pamalopo sizisimbika. Kumapeto kwa 2005 nyama za m'madzi zija amati seal zinayamba kukwera pachilumbapo kudzagwira mbalame pa zisa, ndipo gulu lonse linathawa, chilumba n'kukhala zii. Anthu anaumba zifaniziro za ma gannet n'kuziika pa malo a zisa, ndipo chaka chotsatira mbalame zinabwerera.

Zonse ndatchulazi zimagona pamtunda kapena pafupi ndi mtunda. Pali gulu lina limene mtunda silikuufuna n'komwe, kupatula pa nthawi yoswana: ma albatross, ma petrel ndi ma shearwater. Zimenezi zili ndi timachubu pamwamba pa mlomo. Zimamwa madzi amchere, mcherewo n'kumasefedwa ndi tiziwalo ta pamwamba pa maso n'kutuluka m'timachubumo, ndipo zimanunkhiza chakudya zili kutali kwambiri. Albatross wamkulu koposa, wandering albatross, akatambasula mapiko amakwana mamita oposa 3. Paphewa pake pali mtsempha umene umakhoma phiko likatambasuka, kotero kuti satopa nalo. Sakupiza. Amagwiritsa ntchito kusiyana kwa mphepo: pafupi ndi madzi mphepo imafooka chifukwa cha mafunde, mamita angapo m'mwamba imalimba. Iye amakwera moyang'anana ndi mphepo, amapendekeka mpaka nsonga ya phiko limodzi ikhale ngati ikulemba pa madzi, amatembenuka, amatsetsereka mothamanga mphepo ili kumbuyo, n'kusowa kuseri kwa funde, kenako n'kutulukiranso patsogolo. Akhoza kuchita zimenezi tsiku lonse. Mphepo ikaleka amatera pa madzi n'kudikira.

Apa ndi pamene pagona luso loonera mbalame uli pagombe. Mbalame za gulu limeneli zimakhala makilomita makumi angapo mkati mwa nyanja, kumene pansi pa nyanja pamatsetsereka kulowa kwakuya, ndiponso kumbuyo kwa sitima zosodza. Chimene chimazibweretsa pafupi ndi nyengo yoipa. Ku Cape mvula imagwa m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi mpaka Seputembala, ndipo imabwera ndi chimphepo cha kumpoto chakumadzulo chimene chimaomba kuchokera kunyanja kulowa kumtunda. Tsiku limene anthu ena onse akudzitsekera m'nyumba ndi limene woonera mbalame amavala jekete lamvula n'kutuluka mbandakucha. Pa tsiku lotero, mutakhala pa nsonga ya mtunda yolowa m'nyanja, mungaone shy albatross, black-browed albatross ndi yellow-nosed albatross, pamodzi ndi white-chinned petrel wakuda, sooty shearwater, ndi kambalame ka mawangamawanga oyera ndi akuda kotchedwa pintado petrel. Tsiku la dzuwa ndi bata n'labwino kujambulitsa zithunzi, koma nyanja imakhala yopanda kanthu.

Malo okhala ayenera kukwezeka, koma osati kwambiri. Mukakhala pa mchenga, mafunde amakutsekerezani. Mukakwera kopitirira, mbalame zimasanduka timadontho, ndipo nkhungu imakuphimbani. Ku Cape Point nsanja yakale ya nyale yowongolera sitima inamangidwa mamita oposa 230 pamwamba pa nyanja, ndipo inkabisika m'mitambo kawirikawiri, mpaka anamanga ina mmunsi sitima ya Lusitania itasweka mu 1911. Oonera mbalame amakonda matanthwe a chakumadzulo, pafupi ndi Cape of Good Hope, chifukwa m'mawa dzuwa limakhala kumbuyo kwawo ndipo mtundu wa nthenga umaoneka bwino. Pakati pa nsonga ziwirizi pali yachitatu yotchedwa Cape Maclear, dzina la Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape, yemweyo amene David Livingstone anamutchulira Cape Maclear yathu ya ku Mangochi. Malowa ali m'paki ya boma ndipo polowa pamalipidwa, ngakhale nzika za maiko a SADC zimalipira zocheperapo zikaonetsa pasipoti. Amene alibe ndalama asadandaule. Ku Kommetjie, pafupi ndi nsanja ya Slangkop, n'kwaulere, chimodzimodzi ku Mouille Point m'tauni momwemo.

Zida zake si zambiri. Magalasi oonera patali okulitsa ka 8 kapena ka 10 ndi okwanira poyambira. Telesikopu yoimika pa miyendo itatu imathandiza, koma ndi yodula, ndipo anthu amene ali nayo pagombe kawirikawiri sakana kuti mnzawo asuzumiremo. Chofunika kwambiri ndi kukhala pansi, kutsamira mwala wotchinga mphepo, zigongono pa mawondo kuti manja asanjenjemere. Woyamba kumene amayendetsa magalasi uku ndi uku, kufuna kuona nyanja yonse nthawi imodzi, ndipo saona kanthu. Sankhani chigawo chimodzi cha madzi, chakunsi pang'ono kwa pamene nyanja yakumana ndi thambo, n'kuyendetsa maso pang'onopang'ono moyang'anana ndi kumene mbalame zikuchokera. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Theka la ola likhoza kutha popanda chilichonse, kenako zitatu n'kutulukira pamodzi.

Patali chotero mtundu wa mlomo kapena wa diso suoneka. Chimene chimakuuzani dzina la mbalame ndi kaulukidwe. Mphipi amakupiza mosalekeza, khosi lili patsogolo. Gannet amakupiza kangapo n'kuyandama, thupi losongoka kutsogolo ndi kumbuyo. Shearwater amakupiza mofulumira kangapo mapiko ali chiwongokere, n'kupendekeka. Albatross amangokwera ndi kutsika. Pali misampha iwiri imene imakola aliyense. Woyamba ndi kelp gull, amene ali ndi msana wakuda ndi mimba yoyera ngati black-browed albatross, koma mapiko ake ndi aafupi, opindika, ndipo sachedwa kukupiza. Wachiwiri ndi mwana wa gannet, amene ndi wofiirira thupi lonse moti amaoneka ngati mtundu wina. Ndipo mbalame zambiri zimadutsa osadziwika dzina, ngakhale kwa akatswiri. Woonera wabwino ndi amene amalemba m'kabuku kake kuti albatross, mtundu sunadziwike, osati kungopeka kuti akondweretse mtima. Chenjezo limodzi lisaiwalike: pa gombeli mafunde akuluakulu amabwera mwadzidzidzi ndipo amakokolola anthu pa miyala. Osakhala pa mwala wonyowa, osafulatira nyanja.

Tsono pali mbalame imodzi imene simusowa magalasi kuti muione, ndipo nkhani yake ndiyo yopweteka koposa. Ku Boulders, m'tauni ya Simon's Town, ndi ku Stony Point ku Betty's Bay, ma African penguin amaswana kumtunda, ndipo anthu amayenda pa timilatho tamatabwa n'kuwaona chapafupi. Penguin ndi wamtali masentimita 60 kapena kuposerapo pang'ono. Pamwamba pa diso ali ndi kachikopa kapinki kamene kamafiira kwambiri kukatentha, chifukwa magazi amathamangirako kukazizira. Pachifuwa ali ndi timadontho takuda, ndipo aliyense ali ndi take, tosafanana ndi ta mnzake. Akamalira amakweza mlomo kumwamba n'kutulutsa mawu ngati a bulu. Kamodzi pa chaka nthenga zake zonse zimathothoka, ndipo kwa milungu pafupifupi itatu amangoima pamtunda osadya, ali nyankhalala, kudikira zatsopano. Akalowa m'nyengoyi asananenepe mokwanira, satulukamo wamoyo. Alendo amaseka kayendedwe kake, ndipo ndi koseketsadi. Koma amene akuwaonawo ndi otsalira. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 mbalamezi zinalipo zoposa miliyoni. Pofika 2023 mabanja oswana anali osakwana 10,000, kuphatikiza South Africa ndi Namibia, ndipo mu Okutobala 2024 bungwe la IUCN linaika mtunduwu pa gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu.

Kugwa kumeneku kunabwera m'magawo. Poyamba kunali kukumba zitosi. Pa zilumba za gombeli panali zitosi za mbalame zounjikana kwa zaka zikwi, ndipo ma penguin ankakumbamo mauna ozizirira bwino, otetezeka ku dzuwa ndi kwa ma gull. Azungu atadziwa kuti ndi manyowa amphamvu, anakhamukira pa chilumba cha Ichaboe ku Namibia. Pakati pa 1843 ndi 1845 anachotsapo matani pafupifupi 300,000, ndipo nthawi ina panakocheza sitima zoposa 400. Zilumba zina zinapalidwanso mpaka pa thanthwe. Kenako kunabwera kutola mazira: pa Dassen Island pokha anatolapo pafupifupi 13 miliyoni pakati pa 1900 ndi 1930, ndipo malondawa anapitirira mpaka m'zaka za m'ma 1960. Kenako mafuta. Pa 23 Juni 2000 sitima yonyamula miyala ya chitsulo yotchedwa Treasure inamira pakati pa Robben Island ndi Dassen Island, ndipo ma penguin pafupifupi 19,000 anadetsedwa ndi mafuta. Bungwe la SANCCOB, limene Althea Westphal analiyambitsa mu 1968, linatsogolera zikwi za anthu odzipereka kutsuka mbalamezo imodziimodzi ndi kuzidyetsa pamanja. Zina zochuluka chimodzimodzi, zimene zinali zisanadetsedwe, anazinyamula pa malole kukazisiya kufupi ndi Port Elizabeth, mzinda umene lero ndi Gqeberha, kuti pamene zikusambira kubwerera kwawo gombe likhale litayeretsedwa. Zambiri mwa zotsukidwazo zinapulumuka.

Mafuta amaoneka, amajambulika, ndipo anthu amathamangira kukathandiza. Njala siioneka. Ku Namibia sadini inasodzedwa mopyola muyeso mpaka inagwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo siinabwererenso mwakale. Ma gannet, amene m'zaka za m'ma 1950 ambiri anali ku Namibia, lero ambiri ali ku Bird Island ya ku Algoa Bay, kummawa. Ku South Africa, kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, sadini ndi anchovy zinayamba kusunthira kumwera ndi kummawa, kupitirira Cape Agulhas, mwina chifukwa cha kusintha kwa kutentha kwa madzi pamodzi ndi kusodza kwambiri kumadzulo. Koma mafakitale a nsomba anatsala kumadzulo, ku St Helena Bay ndi madoko oyandikana nawo, ndipo zilumba zoswanirapo mbalame sizisuntha. Gannet akhoza kuuluka makilomita mazana kukasaka, kapena kutola zotaya za sitima, ngakhale zotayazo sizinenepetsa ana. Penguin sauluka. Akakhala ndi ana pachisa sangapitirire makilomita 20 mpaka 40 kuchokera kwawo, ndipo ngati m'dera limenelo mulibe nsomba, ana amafa. Ofufuza anapezanso kuti ana a penguin akangochoka pachisa amatsata madzi ozizira obiriwira kulowera kumadzulo ndi ku Namibia, chizindikiro chimene kwa makolo awo akale chinkatanthauza chakudya, n'kukapeza kulibe. Mphipi za ku Cape nazo zili m'mavuto omwewo: mu Januwale 2021 zinasiya ana ambirimbiri pa zisa ku Robben Island, ndipo chakumapeto kwa chaka chomwecho chimfine cha mbalame chinapha zoposa 20,000, makamaka pa Dyer Island.

Mkangano waukulu wakhala pa funso limodzi: kodi asodzi a makoka akuluakulu aletsedwe kusodza mozungulira zilumba za ma penguin? Kuyambira 2008 boma linkayesa kutseka ndi kutsegula madzi a zilumba zina mosinthana kuti lione kusiyana kwake, ndipo akatswiri anakangana zaka zambiri pa zotsatira. Gulu la akatswiri akunja limene linaunika nkhaniyi mu 2023 linati kutseka kumathandiza ndithu, koma pang'ono, ndipo pakokha sikungaletse kugwa. Mabungwe a BirdLife South Africa ndi SANCCOB anaona kuti madera amene boma linatseka sanali amene mbalame zimasakako kwenikweni, ndipo mu Malichi 2024 anakasuma ku khoti. Mu Malichi 2025 mbali zonse zinagwirizana, ndipo khoti lalikulu la ku Pretoria linavomereza kuti kwa zaka 10 kusakhale kusodza sadini ndi anchovy m'madera ozungulira malo 6: Dassen Island, Robben Island, Stony Point, Dyer Island, St Croix Island ndi Bird Island ya ku Algoa Bay.

Dandaulo la asodzi sindilipeputsa. Sadini ya m'chitini ndi ndiwo ya anthu osauka, ndipo m'mafakitale amenewo mumagwira ntchito amayi ambiri olera ana okha. Aliyense amene anaona mmene nyengo yotseka nyanja imapwetekera mabanja a ku Malombe kapena ku Msaka akudziwa kuti lamulo lotere limagwa pa mbale ya munthu. Komabe ndikuona kuti chigamulochi n'cholondola, ndipo chinachedwa. Sitima ili ndi injini, ikhoza kukasodza patsogolo. Penguin wa ana awiri pachisa alibe kwina kopita. Ndiponso anchovy yochuluka siidyedwa ndi anthu, imagayidwa kukhala ufa wodyetsa ziweto ndi nsomba za m'maiwe. Chinanso, mbalame zikamafa ndi njala ndiye kuti nsomba zachepa, ndipo amene adzamve kuwawa pambuyo pa mbalame ndi msodzi yemweyo.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti pa gombe lomweli pali umboni woti zinthu zimatheka. Chisanafike chaka cha 2006 sitima zokoka makoka a nsomba za hake zinkapha mbalame pafupifupi 18,000 pa chaka. Mbalame zikamalimbirana zotaya kumbuyo kwa sitima, mapiko ankakodwa pa zingwe zachitsulo zokokera khoka, n'kumizidwa. Kwa albatross imfa yotere ndi yowononga kwambiri, chifukwa amayamba kuswana atakwanitsa zaka zingapo, amaikira dzira limodzi lokha, ndipo kholo limodzi likafa mwana nayenso amafa. Mu 2006 gulu la Albatross Task Force linayamba kukwera sitimazo pamodzi ndi asodzi. Mankhwala ake anali chingwe wamba chokokedwa kumbuyo kwa sitima, cholendewera timalamba towala timene timaopseza mbalame kuti zisayandikire zingwe zachitsulo. Pofika 2014 kafukufuku anaonetsa kuti imfa za ma albatross pa usodzi umenewu zatsika ndi 99 pa 100 iliyonse. Chitsanzo china ndi African oystercatcher, mbalame yakuda ya mlomo wofiira psuu imene imaikira mazira pa mchenga weniweni m'nyengo ya tchuthi cha Khirisimasi. Boma litaletsa magalimoto kuyenda pa mchenga wa m'gombe kumapeto kwa 2001, chiwerengero chake chinakwera, mothandizidwanso ndi nkhono zachilendo za ku Mediterranean zimene zinafalikira pa miyala. Ntchito imene ikudikira ili ku Marion Island, chilumba cha South Africa chimene chili makilomita pafupifupi 2,000 kumwera chakummawa kwa Cape Town, kumene mbewa zobwera ndi sitima zakale zimadya ana a albatross ali moyo pachisa. Pali dongosolo lofuna kuzitheratu pachilumbapo.

Zambiri mwa ziwerengero zimene zinapita ku khoti ndi kwa akuluakulu a boma zinachokera kwa anthu okhala pa miyala ndi kabuku m'manja, chaka ndi chaka, ena olembedwa ntchito, ena ongodzipereka. Kuyambira 2007 ntchito ya SABAP2 imalandira mndandanda wa mbalame kuchokera kwa munthu wamba aliyense, ndipo lero zimatheka pa foni. Safunsa digiri, safunsa kuti kwanu n'kuti.

Choncho inu amene muli ku Cape, Loweruka lina la mu Juni kapena Julayi mphepo ya kumpoto chakumadzulo ikaomba usiku wonse, dzukani m'mamawa, tengani ana, mukakhale pa malo okwera ku Kommetjie. Mukapeza mbalame yakufa ili ndi kamphete kachitsulo kumwendo, jambulani nambala yake n'kutumiza ku SAFRING, amene amasunga kaundula wa mphetezo. Mukapeza penguin kapena mphipi yodwala, kapena yodetsedwa ndi mafuta, musaigwire ndi manja, musaibwezere m'madzi. Ingitsani agalu, imbirani a SANCCOB, ndipo khalani pomwepo mpaka afike.